Za Anansi Amene Anakomana pa Phiri la m'Malire

Ndifuna kukamba nanu, abale, za maiko a kum'mawa kwa Ulaya amene kufikira caka ca 1989 anali pansi pa Cikomyunizimu, ndiwo ulamuliro wa cipani cimodzi cimene cinagwira zonse m'manja mwace: minda, mafakitale, masukulu, nyuzipepala, ngakhale pakamwa pa anthu. Ana a sukulu akandifunsa kuti ulamuliro wotere unatha bwanji, amayembekeza kumva za khoma la ku Berlin limene linatseguka mu November 1989. Khomalo linagwadi. Koma ine ndiyesa kuti nkhani yoposa iri pa kanjira kena ka paphiri, pamene anthu owerengeka anakomana mobisa zaka 11 khomalo lisanagwe. Pakuti anthu amenewo anayamba mwambo umene unathandiza mitundu yambiri pambuyo pace, wakuti anthu wamba a dziko lina aziyendera anzao a tsidya lina la malire ndi kuphunzitsana macitidwe ofunira ufulu ndi ousunga.

Mu June 1976 Boma la Poland linakweza mitengo ya zakudya, ndipo anchito a ku Radom ndi ku Ursus anakana nchito. Ambiri anakwapulidwa, ena anaikidwa m'ndende, ena anacotsedwa nchito. Pamenepo anthu ophunzira anapanga bungwe lochedwa KOR, lakusonkha ndarama za mabanja a omangidwawo ndi kuwafunira oimira milandu. Patapita miyezi yowerengeka, mu January 1977, m'dziko loyandikana nalo la Czechoslovakia, anthu oposa 240 analemba maina ao pa kalata yochedwa Charter 77. Sanapemphe kuti Boma licoke ai, anangopempha kuti lisunge mau a ufulu wa anthu amene ilo lomwe linabvomereza ku Helsinki mu 1975. Mmodzi wa owalankhulira, mphunzitsi wokalamba Jan Patočka, anafa mu March caka comweco atafunsidwa ndi apolisi maora ambiri.

Tsono magulu awiriwa analikumva mbiri ya wina ndi mnzace, koma kuonana kunali kobvuta, popeza Boma silikadawalola ulendo wotere. Komabe pakati pa maiko awiriwa pali mapiri a Krkonoše, ndipo pamwamba pace panali njira yotsata malire imene anthu a mbali zonse ziwiri analoledwa kuyendamo pokaona mapiri, cifukwa maboma aowo anadzicha abwenzi. M'caka ca 1978 anakwera kumeneko monga anthu ongoyenda. Kucokera ku Czechoslovakia kunadza Václav Havel, wolemba masewero, ndi anzace. Kucokera ku Poland kunadza Jacek Kuroń, Adam Michnik ndi ena. Anakhala pansi, nadyera pamodzi, nalemba kalata imodzi ya magulu onse awiri. Pofuna kukomana kacitatu mu October, apolisi a maiko onse awiri anawachingira njira, ndipo Jaroslav Šabata anagwidwa naikidwa m'ndende.

Wina adzafunsa kuti, kodi anapindulanji? Sanapatsane mfuti, ndipo cuma analibe. Ine ndiona zinthu ziwiri. Munthu wozunzika yekha amayamba kudzikayika, nayesa kuti kapena wolakwa ndiye, monga Boma linena; koma akaona munthu wa cinenero cina alikunena zomwezo, mtima wace ukhazikika. Cinanso, kuyambira pamenepo wina akamangidwa ku Prague dzina lace linabukitsidwa ku Warsaw, ndipo wa ku Warsaw akamangidwa a ku Prague anamlirira poyera. Boma lozunza likonda kumanga munthu amene palibe womfunsa. Makolo athu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Ndipo anthu awa anacita comweco ndi makalata. Mu 1981 ku mzinda wa Wrocław kunapangidwa bungwe la ubale wa mitundu iwiriyi, ndipo m'zaka zotsatira anyamata anali kukwera mapiri aja atabereka zikwama za mabuku oletsedwa, nasinthana zikwamazo ndi anzao a tsidya lina, natsika yense kwao.

Zipatso zinaoneka mu 1989. Mu June a Solidarity anapambana cisankho ca ku Poland, natenga mipando 99 mwa 100 ya nyumba ya Senate. Mwezi wotsatira Michnik, amene tsopano anali phungu wa nyumba ya malamulo, anapita poyera kukaceza kwa Havel, amene anali atangoturuka m'ndende mu May. Taganizani mmene a ku Czechoslovakia anamvera poona wandende mnzao wasanduka phungu! Ciyambi ca November anthu zikwi a ku Czechoslovakia anaoloka kunka ku Wrocław kukamva nyimbo ndi mau amene kwao anali oletsedwa. Pa 17 November ophunzira a ku Prague anaturuka m'miseu, ndipo pa 29 December Havel anakhala pulezidenti.

Koma kugwa kwa cipani cimodzi sikunabale demokalase paliponse. M'maiko ena anauka atsogoleri amene analola cisankho, koma anagwira wailesi, apolisi ndi owerenga mavoti, kotero kuti cisankhoco cinali ngati mlandu umene woweruza ndi mwini wace wa mbuzi. Ku Slovakia, dziko limene linapatukana ndi anzao a ku Prague pa 1 January 1993, nduna yaikuru Vladimír Mečiar anayenda njira yokayikitsa, ndipo mu 1997 dzikolo linasiyidwa pamene anansi ace anaitanidwa kulowa m'pangano la NATO. Pamenepo mabungwe a anthu wamba anagwirizana pa nchito yochedwa OK '98, atamva macitidwe a anzao a ku Romania ndi ku Bulgaria. Sanauze munthu cipani coti asankhe. Anayenda m'midzi, nacititsa misonkhano yofunsa ofuna mipando, naimbitsa nyimbo zokopa anyamata, ndi mau amodzi akuti pitani mukaponye voti. Mu September 1998 anaponya anthu 84 mwa 100 ali onse, ndipo ngakhale cipani ca Mečiar cinaposa cina ciri conse pacokha, zipani zina zinaphatikizana ndi kupanga Boma latsopano.

Pa zonse zimene anansi awa anaphunzitsana, ine monga mphunzitsi ndikondwera koposa ndi masamu. Macitidwe ace ndi awa. Bungwe lisankha malo ena oponyerapo voti mwa maere, m'mizinda ndi m'midzi momwe, monga mai alawa supuni imodzi atatakasa mphika wonse. Pa malo ali onse pakhala mboni yophunzitsidwa kuyambira m'mawa kufikira mavoti atawerengedwa, nilemba ciwerengero cimene calengezedwa pamenepo, nicitumiza ku likulu la bungwe usiku womwewo. Kusanace bungwe lidziwa, mosaphonya kwambiri, amene wapambana. Boma likalengeza zina, anthu sangong'ung'udza kuti atibera. Ali ndi mapepala m'manja. Nzeru imeneyi sinabadwire ku Ulaya. Inaoneka ku Philippines mu 1986 ndi ku Chile mu 1988, ndipo inayenda dziko ndi dziko m'mitu ya anthu. Nchito yace ndi yotopetsa, yofuna anthu mazana odziwa kulemba manambala bwino ndi kukhala tsiku lonse pa benci osacoka. M'nyuzipepala simuoneka zithunzi zao, koma popanda iwo khamu la m'miseu likadasowa conena.

A ku Slovakia ananka kukathandiza a ku Croatia, kumene cipani colamula cinagwa mu January 2000, ndiponso a ku Serbia. Kumeneko ophunzira a ku Belgrade anali atapanga gulu la Otpor mu 1998, gulu lopanda mtsogoleri mmodzi, kuti apolisi asowe mutu woudula. Pa cisankho ca pa 24 September 2000 mboni zinasonyeza kuti Slobodan Milošević wagonja, ndipo pamene anakana, khamu linadzaza Belgrade pa 5 October, nabvomera m'mawa mwace. A Otpor nawonso anaphunzitsa anyamata a Kmara ku Georgia, kumene Eduard Shevardnadze anatula udindo mu November 2003, ndi a Pora ku Ukraine, kumene bwalo lalikuru la milandu linalamula kuti cisankho ca 2004 cibwerezedwe.

Pano ndiyenera kunena za ndarama, pakuti ndi pamene pali bvuto. Maulendo, mapepala ndi maphunziro a mboni zinalipidwa kwakukuru ndi akunja: maboma a America ndi a kumadzulo kwa Ulaya, ndiponso George Soros, mwini cuma wobadwira ku Hungary, amene mu 1984 anayamba bungwe lace ku Budapest natumiza makina okopera makalata m'dziko limene Boma linali kulonda pepala liri lonse. Sindinyoza thandizo limenelo. Koma ndiona kuti ndarama zinapindula kumene zinapeza anthu atayamba kale okha, ndi cipani cotsutsa cogwirizana, ndi asilikari osafuna kuombera abale ao. Ku Azerbaijan mu 2005 ndi ku Belarus mu 2006 anyamata anayesa macitidwe omwewo, koma Boma silinagwedezeke. Ngakhale kumene anapambana, zotsatira sizinali zokoma zonse. Otpor itasanduka cipani mu 2003 sinapeze mavoti awiri mwa 100. Mikheil Saakashvili, amene khamu linamkweza ku Georgia, anabalalitsa khamu lina ndi apolisi mu November 2007. Ku Ukraine Viktor Yanukovych, amene anakanidwa mu 2004, anasankhidwa mu 2010. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, inde. Koma mlendo yemweyo ndi mame, ndipo munda ulimidwa ndi otsala. Panaukanso mabungwe ena amene anadziwa kulemba makalata okondweretsa opereka ndarama a kutali koposa kulankhula ndi anthu a m'mudzi mwao, ndipo tsiku la tsoka analibe wowaimira.

Olamula naonso anaphunzitsana modutsa malire, cinthu cimene ambiri sanaciyembekeze. Mu 2012 Boma la Russia linaika lamulo lakuti bungwe lolandira ndarama zakunja ndi kukhudza za ndale lizilembedwa monga nthumwi ya alendo, dzina limene m'makutu a anthu a kumeneko limveka ngati kazitape. Loyamba kulangidwa nalo linali Golos, la mboni za cisankho. Mu December 2021 bwalo linalamula kutseka Memorial, bungwe limene linasonkhanitsa maina a anthu ophedwa m'masiku a Stalin. Ku Hungary Viktor Orbán, amene ali mnyamata anaphunzira ku Oxford ndi ndarama za Soros, anapanikiza Central European University ya Soros yemweyo kufikira inasamukira ku Vienna mu 2019. Mu 2024 nyumba ya malamulo ya Georgia inabvomereza lamulo lofanana ndi la ku Russia, ngakhale anthu zikwi zambiri anadzaza miseu ya Tbilisi kulikana. Ndipo mu 2025 Boma la America linatseka USAID, imene inali kulipira zambiri za nchito zimenezi. Cotero ndarama ya kutali inayamba yakhala cingwe cowamangira, pambuyo pace niphwa.

Ife a kuno nkhani iyi siitipita patali. Cikomyunizimu citagwa ku Ulaya, maiko a kumadzulo analeka kusowa Dr. Banda monga bwenzi lotsutsana naco. Anansi athu a ku Zambia anasintha Boma ndi voti mu October 1991, ife tirikumva. Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'mipingo, ndipo pamene olembawo anaopsezedwa, mipingo ya kunja inabukitsa nkhaniyo. Mu May opereka thandizo anaimika ndarama zina pa msonkhano wa ku Paris. Mu June nthumwi za World Alliance of Reformed Churches zinafika ndi kupereka kalata kwa Dr. Banda pamodzi ndi atsogoleri ena a CCAP; ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Akunja anachinjiriza olankhulawo, koma kalata ija inalembedwa muno, ndipo oiwerenga ndi oimva anali anthu a muno.

Ku Belarus, kumene Alexander Lukashenko anayamba kulamula mu 1994, cisankho ca mu August 2020 cinatsatidwa ndi kumangidwa kwa anthu zikwi zambiri. Ales Bialiatski, amene anayamba bungwe la Viasna mu 1996 kuthandiza omangidwa ndi mabanja ao, monga KOR inacitira zaka 20 m'mbuyo mwace, anagwidwa mu 2021. Ndipo mphotho ya Nobel ya 2022 inampeza ali m'ndende, atagawana nayo ndi Memorial ya ku Russia ndi Center for Civil Liberties ya ku Ukraine, maiko atatu amene nkhondo inali itawalekanitsa caka comweco. Anzace amene anapulumuka anathawira kwa anansi, ku Vilnius ndi ku Warsaw, napitiriza komweko kulemba maina a omangidwa, tsiku logwidwa ndi ndende imene alimo, kuti anthu a maiko ena awalembere makalata.