Nthenga ya Chiwombankhanga M'kalasi Mwanga

Mphunzitsi mnzanga, kodi munaphunzitsapo za zinthu zimene ana amatengera kwa makolo? Ine ndinalakwitsapo. Tsiku lina ndinauza ophunzira kuti aliyense atchule chimene amafanana ndi bambo ake. Mtsikana wina anangowerama, misozi ili chuchuchu. Kunja anzake ankamunena kuti si mwana wa pakhomopo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinayamba kufuna chitsanzo china.

Chitsanzocho ndinachipeza nditapita kukacheza kwa achimwene ku Johannesburg. Iwo ananditengera ku Walter Sisulu National Botanical Garden, ku Roodepoort. Pathanthwe la pafupi ndi mathithi a Witpoortjie pali chisa cha ziwombankhanga zakuda, zotchedwa Verreaux's eagle. A gulu la Black Eagle Project Roodekrans amaziyang'anira, mpaka anazipatsa mayina. Yaikazi yotchedwa Emoyeni inakhalapo zaka zambiri mpaka 2016, pamene malo ake inatenga ina, Makatsa.

Nditaona yaimuna ikutera pachisa, ndinadzifunsa kuti: kodi tingadziwe bwanji kuti imeneyi ndiyedi bambo wa mwana ali m'chisamo? Ndi maso okha n'zosatheka.

Akatswiri amayankha funso lotere poyeza DNA. Njira yozindikirira munthu ndi abale ake kudzera mu DNA anaitulukira Alec Jeffreys ku Leicester mu 1984. Kwa mbalame zolusa, nthenga yothothoka yotoledwa pansi pa chisa ndi yokwanira, chifukwa ku tsinde kwake kumatsalira DNA. Amayeza malo amene DNA imabwerezabwereza, otchedwa microsatellites. Pamalo alionse mwana amakhala ndi zizindikiro ziwiri: china cha kwa mayi, china cha kwa bambo. Ngati pamalo angapo mwana ali ndi chizindikiro chimene mbalame ziwiri za pachisapo zilibe, ndiye kuti kholo lina lili kwina. Kafukufuku amene anatuluka mu 2005 anayeza nthenga za ziwombankhanga za ku Kazakhstan, ndipo anapeza kuti ana anali a makolo a pachisa pomwepo.

Masiku ano ndimalemba pabolodi chonchi: mayi 10 ndi 12, bambo 14 ndi 16. Mwana woyamba ali ndi 12 ndi 14, wachiwiri 10 ndi 18. Kenako ndimafunsa kuti, “Nanga 18 uyu wachokera kuti?” Ana amatsutsana kwambiri, ena mpaka kuimirira, koma palibe amene amawerama. Tikukamba za mbalame, osati za kunyumba kwa munthu.

M'kalasi mwanu muli ana amasiye, ena oleredwa ndi agogo, ena osawadziwa n'komwe bambo awo. Musanakonze phunziro limeneli, talembani chitsanzo chimene mudzagwiritse ntchito. Kenako dzifunseni: kodi pali mwana amene chingamupweteke mtima?