Peresenti ya kaloba siigona tulo

Ku komboni kwathu ambiri timaopa masamu, koma kaloba sitimuopa. Munthu akamva kuti "30 peresenti chabe", amavomera msanga n'kusiya TV ngati chikole. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti nambala imeneyi timaimva ngati K30.

Peresenti ndi gawo la pa 100 iliyonse. Njira yanga ndi iyi: chotsani ziro wakumapeto, mwapeza 10 peresenti. Pa K500, imeneyo ndi K50. Muiike katatu, yakwana K150. Ndiye mwezi ukatha mubweza K650.

Manje nkhani ili pa mwezi wachiwiri. Mukalephera kubweza, a kaloba ena sawerengeranso pa K500, amawerengera pa K650. Yoonjezera ikhala K195, nkhongole yafika K845. Mwezi wachitatu yafika K1,098.50. Munatenga K500, yobweza yapitirira kawiri, ndipo TV ikali kunyumba kwa eni ndalama.

Sindikunena kuti musamakongole. Alandilodi sayembekeza, ndipo mwana akadwala usiku palibe amene amakhala pansi kuwerenga masamu. Koma musanatambasule dzanja, funsani zinthu ziwiri. Peresenti imeneyi ndi ya pa sabata, pa mwezi kapena pa chaka? Nanga ndikachedwa, mudzawerengera pa ndalama ziti?

Tulutsani foni, muwerengere pamaso pawo pomwepo, musachite manyazi. Akakwiya chifukwa mwafunsa, bwezani dzanja m'thumba, mukayese kwina.