Mbale za ku China pa manda a ku Kunduchi

Amalawi ambiri amaudziwa mzinda wa Dar es Salaam chifukwa cha malonda. Ena amapitako kukatenga galimoto padoko, ena kukaoda nsalu ndi nsapato mumsika wa Kariakoo, ndipo akamaliza amathamangira basi yobwerera ku Songwe. Ndi ochepa amene amafika ku Kunduchi, mudzi wa asodzi umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa mzindawu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kumeneko kuli manda akale amene amasonyeza kuti malonda a pakati pa gombe ili ndi maiko a kumtunda sadayambe dzulo.

Mzinda wa Dar es Salaam si wakale kwenikweni. Adauyambitsa ndi Sultan Majid bin Said wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa Mzizima, ndipo Ajeremani adausandutsa likulu lawo mu 1891. Pamene zonsezi zinkachitika n'kuti anthu a ku Kunduchi atakhala pamalo awo zaka mazanamazana. Mabwinja a mzikiti wawo ndi a cha m'ma 1500, pomwe manda ambiri ouzungulira ndi a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800.

Mlendo akafika pamalopa, chimene chimayamba kumukopa maso ndi zipilala zazitali zoimikidwa pa manda a anthu olemekezeka. Amisiri ankasema matanthwe a m'nyanja akadali ofewa, ena n'kuwaotcha kuti apeze njereza yomangira ndi yozira. Njerezayo isadaume, ankamatamo mbale zonyezimira zochokera ku China, zoyera zokhala ndi maluwa obiriwira ngati mtambo. Mbale zoterezi zinkakongoletsanso mizikiti ndi makoma a nyumba za anthu opeza bwino. Pamanda zinkaonetsa ulemerero wa malemuyo ndi banja lake, komanso kutalika kwa kumene malonda awo ankafika.

Olemba mbiri a nthawi ya atsamunda ankakonda kunena kuti zomanga za pagombeli ndi ntchito ya Aluya ndi Aperezi. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti mizinda imeneyi idakula kuchokera ku midzi ya anthu a mu Africa momwemuno, amene adalandira Chisilamu ndi kukwatirana ndi alendo a kutsidya la nyanja. Manda a zipilala ndi luso la Aswahili eni ake, ndipo amapezeka m'malo ambiri a gombeli, monga ku Kaole pafupi ndi Bagamoyo ndi ku Malindi m'dziko la Kenya. Mbale idachokera kutali, koma nzeru yoimata pa chipilala idali ya pakhomo.

Chimene chinkabweretsa mbalezi ndi mphepo. Kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi imaomba kuchokera kumpoto, ndipo zombo zamatanga zinkatsika nayo kuchokera ku Arabia ndi ku India zitasenza nsalu, mikanda ndi mbale. Kuyambira mu Epulo mphepo imatembenuka n'kumachokera kumwera, ndipo zombo zija zinkabwerera ndi golide ndi minyanga ya njovu. Mlimi amene amawerenga nyengo poona mpoto ndi mwera sangadabwe nazo zimenezi.

Wofuna kuona kukula kwa malondawa apite ku National Museum, nyumba yosungira zinthu zakale imene idatsegulidwa mu 1940 pakati pa mzinda wa Dar es Salaam. M'menemo muli zinthu zofukulidwa ku Kilwa, chilumba cha kumwera kwa Tanzania chimene chidalemera kwambiri ndi golide wa ku Zimbabwe mpaka kumasula ndalama zakezake zamkuwa. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, adafika ku Kilwa mu 1331, ndipo Apwitikizi adaulanda mzindawo mu 1505.

Apa ndi pamene mbiri ya gombeli ikukumana ndi ya kwathu. Mu 1616, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro adayenda ulendo wapamtunda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa. Adadutsa m'dziko la Amaravi, komwe adalandiridwa ndi mfumu Muzura, ndipo adaoloka Shire ndi Ruvuma akulipira njira ndi nsalu ndi mikanda. Umboni wina udatuluka m'nthaka ku Mankhamba, likulu la Kalonga, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi makoza a minyanga. Choncho makolo a Achewa sadali anthu odzipatula. Adali alimi, osula zitsulo, oumba mbiya ndi osema minyanga amene katundu wawo ankafika kunyanja ya mchere.

Komabe si zonse za m'njira imeneyi zimene zili zonyaditsa. Pofika m'zaka za m'ma 1800, minyanga inkapita kugombe pamodzi ndi anthu ogwidwa ukapolo. Ambiri mwa amene adagulitsidwa ku Kilwa Kivinje adachokera m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, ena ataolotsedwa pa Nkhotakota m'manja mwa a Jumbe. Woyang'ana kukongola kwa zomanga za m'nthawi imeneyo ayenera kukumbukiranso misozi ya m'midzi imene idasanduka mabwinja.

Lero zipilala za ku Kunduchi zili ndi mabala. Mbale zina zidakalipo, koma pena pangotsala maenje ozungulira pomwe mbale zidagumulidwa. Mbale ikachotsedwa pachipilala imangokhala chiwiya cha m'kabati ya munthu wachuma, ndipo palibenso angadziwe kuti idali pa manda a yani, a chaka chiti. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Vuto lomweli lili m'midzi ya kwathu. Khasu la mlimi limafukula mapale, mikanda, mafupa ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo zambiri zimatayidwa m'malire a munda kapena kugulitsidwa kwa odutsa. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, nazonso zimaonongeka anthu akamalembapo maina kapena kusonkha moto m'mapanga. Alangizi ndi atsogoleri a magulu a m'midzi angathandize pophunzitsa anthu kuti akapeza zinthu zotere asazisunthe, koma adziwitse a mfumu, kuti uthenga ukafike kwa DC ndi ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Akatswiri amatha kuwerenga mbiri ya mudzi pa phale limodzi, malinga alipeze pamalo pomwe makolo adalisiya.