Timikate ta khobwe tosaphwasuka m'chiwaya

Ife Asilamu a m'mbali mwa nyanja kuno, kuchokera ku Kande kudzafika ku Chintheche, tilipo ochepa pakati pa abale athu Atonga, ndipo nyama yozingidwa mwa Chisilamu sipezeka tsiku lililonse. Ndiwo yathu ndi nsomba. Koma mwera ukakalipa m'miyezi ya June ndi July mabwato amagona pamchenga, usipa ndi utaka n'kukwera mtengo. Masiku oterewa timathawira ku khobwe, ndipo ana akatopa ndi chipere timawakazingira timikate ta khobwe, tija anzathu a ku Zanzibar ndi ku Mombasa amati bajia.

Vuto la timikateti amayi onse akulidziwa. Mumatiumba bwinobwino, koma kungotiponya m'chiwaya timayamba kunyenyeka, mafuta n'kuda bii ndi zinyenyeswazi zopserera. Kale zoterezi tinkangoseka. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira si chinthu choseweretsanso, ndipo mafuta amene apsereramo khobwe simungakazingiremo mandasi mawa lake.

Chimene taona ife n'chakuti timikate tambiri timaphwasuka chifukwa khobwe wake anayamba waphikidwa. Khobwe wophika wamwa kale madzi mpaka kukhuta, wapsa kale, ndipo alibenso mphamvu yogwirana. Wongoviika usiku wonse amakapsa koyamba m'mafuta momwemo, ndipo pakupsapo amagwirana ngati m'mene dzira limaumira pamoto. Anthu a ku Nigeria amakonza akara wawo motero, ndi khobwe yemweyu, ndipo falafel wa ku Egypt naye amachokera ku nyemba zamtundu wina zoviika chabe. Tsono ife timaviika makapu 2 a khobwe, m'mawa n'kumufikisa m'manja kuti makoko ayandame monga tichitira pokonza chipere, kenaka timamuyanika pa lichero kuti madzi adonthe. Akauma kunja ndiye timasinja mu mtondo, osathiramo ngakhale dontho la madzi.

Apa tichenjezane. Njirayi ndi ya khobwe. Nyemba zofiira zosaphika zili ndi poizoni wosanzitsa ndi wotsegula m'mimba, choncho izo ziyenera kuwira mokwanira kaye. Ndipo kunena zoona, nthawi zambiri chimene chili m'nyumba ndi nyemba zotsala dzulo, zophika kale. Kodi izi tingazigwirizanitse ndi chiyani?

Ena amathira mgaiwa. Ife sitiuvomereza, chifukwa mgaiwa m'timikate uli ngati mchenga, umangowonjezera kuyoyoka. Ufa wa tirigu umagwira, dzira limagwiranso, koma zonsezi zimafuna ndalama. Chimene chimagwira koposa chili m'nyumba iliyonse ya kuno, ndicho ufa wa kondowole. Alendo ochokera ku Lilongwe amatiseka kuti nsima yathu imanyududuka ndi kukanirira m'manja. Kunyududuka komweko n'kumene kumamanga nyemba zikakumana ndi moto. Pa makapu 2 a nyemba zotsanulidwa msuzi ndi kuphwanyidwa, masipuni 2 a ufa wa chinangwa akwana, mwina 3 ngati nyembazo zinali zofewa kwambiri. Mukapyola pamenepo timikate timatuluka ngati labala wa ku Vizara, ndipo agogo opanda mano sakuthokozani. Kansinjiro pang'ono kamakometsa, koma sikamanga. Ngakhale khobwe woviika uja timamuwaza sipuni imodzi ya ufawu kuti mtima ukhale m'malo.

Madzi ena amalowa mozemba. Anyezi timamudula tinthu ting'onoting'ono n'kumufinya m'kansalu koyera. Tomato asayandikire n'komwe, malo ake ndi mu msuzi wapambali. Adyo ndi kambuzi alibe mlandu. Mchere timathira pomaliza, pakuti ukakhalitsa umakoka madzi mu anyezi. Tikaumba timikate tosapitirira kukula kwa chikhatho cha mwana, timativundikira kwa theka la ola kuti ufa umwe chinyezi chotsala.

M'chaka cha 2025 Ramadhan inagwa mu March, mvula ili mkati, ndipo kuno mvula sithamangira kutha. Chinangwa choviika sichiuma msanga nyengo yotere, ufa wake umakhala wa chinyontho. Ufa wotere tiyambe taukazinga pang'ono m'chiwaya chouma pa moto wochepa, apo ayi ukawonjezera madzi amene tikuwathawa.

Mwezi wosalawu ulinso ndi msampha wake, ndiwo changu. Dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, ana akuzungulira mbaula, mayi n'kuponya timikate tonse pamodzi mafuta asanatenthe. Pamenepo ngakhale kondowole sangathandize. Timayesa mafuta ndi kachidutswa kamodzi: kakangomira n'kukhala duu pansi, dikirani, kakayamba kuchita thovu n'kuyandama, yambani. Tiziika 4 kapena 5 basi nthawi imodzi, ndipo tisatembenuze mpaka m'mphepete mwake mutafiira. Kwathu timasinja ndi kuumba tikangochoka pa swala ya Asr, makala timayatsa kukadali kowala, ndipo adhana ya Maghrib imapeza timikate tikudontha mafuta m'mbale.