Magombe awiri a mtsinje wa Ncome

Chimene chimaimitsa mutu munthu woyenda kum'mawa kwa tauni ya Dundee, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, n'chakuti nkhondo imodzi imakumbukiridwa pawiri pamtsinje wa Ncome, pomwe pa 16 Disembala 1838 Mabunu, alimi achizungu ochokera ku Cape otsogozedwa ndi Andries Pretorius, anagonjetsa ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu.

Tsidya lina kuli ngolo 64 zachitsulo zondandalikidwa mozungulira monga linga lomwe Mabunuwo ankawomberamo mfuti, pamene tsidya linalo kuli nyumba yosungiramo mbiri ya Azulu, yomangidwa mokhota potsanzira nyanga za njati, yomwe inali njira yawo yozingira adani.

Chakumwera, paphiri la Isandlwana, komwe ankhondo a Cetshwayo, mfumu inanso ya Azulu, anapha asilikali oposa 1,300 a mbali ya Britain pa 22 Januwale 1879, milu ya miyala yopakidwa njereza ikulozabe manda, ngakhale kuti chikumbutso cha Azulu omwe anafera pomwepo chinadzaimikidwa mu 1999.

Kodi mlendo wofuna kumva mbiri yonse ya Ncome ayambire tsidya liti?