Jakisoni wa shuga amene amaulula pamene khansa yabisala

Abale anga, ena mwa inu mwatumizidwa ku India kapena ku South Africa ndipo kalata ya dokotala yalemba kuti PET scan. Mukamva zoti akakubayani mankhwala okhala ndi radiation, mtima umadumpha. Pa unamwino wangawu ndaonapo anthu akuzengereza chifukwa cha mantha amenewa, chonsecho chotupa sichidikira munthu.

Mankhwalawo dzina lake ndi FDG. Ndi shuga amene amamumatirira kanthu kotulutsa radiation kotchedwa fluorine-18. M'zaka za m'ma 1920, wasayansi wa ku Germany, Otto Warburg, anapeza kuti maselo a khansa ndi osusuka, amameza shuga wambiri kuposa anzawo. Choncho FDG akalowa mu mtsempha, chotupa chimamukokera, ndipo pa chithunzi chimaoneka chikuwala. Anthu oyamba anabayidwa FDG mu 1976 ku Philadelphia, ku America. Masiku ano ochita kafukufuku amaonera pomwepa ngati mankhwala atsopano akugwira, chifukwa chotupa chimatha kuchepetsa kudya shuga chisanayambe kuphwa.

Nanga radiation ija? Sikhalitsa m'thupi. Pa mphindi 110 zilizonse mphamvu yake imatsika ndi theka. Pakatha maola 11 imatsala gawo limodzi mwa magawo 64, ndipo ina imakhala itatuluka kale ndi mkodzo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kukonzekera kwanu. Musadye kwa maola 6, imwani madzi okhaokha. Kapu imodzi ya tiyi wa shuga ikhoza kusokoneza chithunzi chimene mwachiyendera ulendo wautali. Dzulo lake musagwire ntchito yolemetsa, popeza minofu yotopa nayonso imakoka shuga. Ngati muli ndi matenda a shuga, ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani asanakubayeni. Akakubayani, khalani phee pafupifupi ola limodzi. Mukamaliza, imwani madzi ambiri, ndipo khanda mulipatse kaye wina kwa maola angapo.

Chomaliza, si malo onse owala amene ali khansa. Ubongo ndi chikhodzodzo zimawala mwa aliyense. TB ndi mabala nazonso zimawala, ndiye ngati munadwalapo TB, auzeni adokotala. Chotsimikizira ndi kupima kanyama kochotsedwa pa chotupacho.

Tsiku lanu likakwana, pitani. Mafunso anu lembani pansipa, ndiyankha ndikaweruka.