Kuyendetsa galimoto yotsika pa msewu wa Cuamba, Mandimba ndi Ngauma

Kum'mwera kwa chigawo cha Niassa kuli nyengo ziwiri zimene zimayesa luso la dalaivala. Yoyamba ndi dzinja, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo, pamene phula limaterera ndipo misewu yafumbi imasanduka phala. Yachiwiri ndi ya Juni ndi Julayi, pamene kumazizira ndipo nkhungu imakuta zitunda m'mamawa. Madzi oundana pamsewu, amene amasautsa anthu a ku Ulaya, kuno kulibe, koma vuto lake ndi lomwelo: tayala limaleka kugwira pansi, galimoto n'kuyamba kudziyendera yokha.

Msewu waukulu ndi N13, wochokera ku Nampula kudzera ku Malema ndi Cuamba, n'kufika ku Mandimba, kenako ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, mpaka ku Lichinga. Kuchoka ku Cuamba kufika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Lichinga ndi chimodzimodzi. Msewuwo umakwera ndithu, chifukwa Cuamba ili cha pa mamita 600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere pomwe Lichinga imapitirira 1,300. Kale mbali yaikulu ya njirayi idali yafumbi, ndipo m'dzinja malole ankagona m'matope. Phula la pakati pa Cuamba ndi Lichinga lidatha kuikidwa mu 2021. Lidafupikitsa ulendo, koma lidabweretsanso ngozi ya mtundu wina. Matope ankakakamiza munthu kuyenda pang'onopang'ono, pomwe phula limamusiya athamange mmene akufunira.

Phulalo lakopa galimoto zimene kale sizikadayerekeza kuponda kuno, monga Toyota Mark X, Altezza ndi BMW, zambiri zogulidwa zitagwirapo ntchito ku Japan. Mimba ya galimoto zotere ili pafupi ndi nthaka, masentimita 12 mpaka 15, pamene Hilux kapena Land Cruiser imapitirira 20. Mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo, ndipo matayalawo ndi otambalala koma afupi m'mbali. Pa phula louma zonsezi n'zabwino. Pakagwa mvula, tayala lotambalala limachedwa kukankha madzi, lalifupi m'mbali limaphulika likamenya dzenje lobisika m'chithaphwi, ndipo kumbuyo kumathawa msanga munthu akaponda moto mwaphuma.

Ntchito imayambira pa tayala. Gawo limene limakhudza msewu ndi lalikulu ngati chikhatho, ndipo mabuleki, chiwongolero ndi mphamvu yonse ya injini zimadutsa m'zikhatho zinayi zimenezo. Mizere yozokotedwa pa tayala ndi ngalande zotulutsira madzi. M'kati mwa ngalandezo muli timfundo tokwera mamilimita 1.6, tayala likalingana nato latha. Dalaivala wodziwa dzinja sadikira kufika pamenepo, amasintha likatsala ndi mamilimita 3. Ogula matayala a kaunjika ayenera kuwerenga manambala anayi amene ali m'mbali: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere ikuoneka. Palinso msampha wina umene ambiri sauzindikira. Galimoto zina zochokera ku Japan zimafika zitavala matayala a nyengo ya chisanu ya kumeneko, olembedwa kuti Studless. Amaoneka onenepa bwino, mwini wake n'kumanyadira, koma mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha kapena lonyowa amachedwa kuima. Ndi ofunika kuchotsa.

Phula limaterera kwambiri pa mvula yoyamba, ya chizimalupsa, chifukwa fumbi ndi oyilo wa chilimwe chonse zimasakanizika ndi madzi n'kukhala ngati sopo. Malo ena oterera ndi pamene tinjira ta m'midzi timalowa mumsewu waukulu, ndi pa misika, pamene njinga zamoto ndi malole zimasiya katondo wofiira pa phula. Mvula ikakula, madzi amaima m'malo otsika ndi m'mikwasa ya matayala a malole. Galimoto ikalowa pamenepo pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola ikhoza kuyandama. Woyendetsa amamva chiwongolero chapepuka mwadzidzidzi, ngati chaduka, ndipo injini imalira mokweza popanda chifukwa. Chochita n'kuchotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero chiri chowongoka, ndi kudikira matayala agwirenso. Buleki kapena kukhota panthawi imeneyo n'kumene kumatembenuza galimoto.

Malamulo a pamsewu a Mozambique amalola galimoto yaing'ono kuthamanga 120 kunja kwa midzi ndi 60 m'kati mwa midzi ndi matauni. Manambala amenewa ndi malire a tsiku louma. Pa liwiro la 100, galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo phula lonyowa limawonjezeranso. N'chifukwa chake m'mvula pamafunika mpata wa masekondi anayi kapena kuposerapo kumbuyo kwa galimoto ina, makamaka minibasi ya chapa, imene imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Kumbuyo kwa lole mpata ukule kuposa apo, poti madzi amene imawaza amatseka maso, ndipo kuipitirira osaona kutsogolo ndi kutchova juga.

Pokhota, buleki imagwidwa galimoto ikadali yowongoka, khona lisanayambe. M'kati mwa khona phazi limangokhudza moto, ndipo limaponda pokhapokha chiwongolero chikayamba kubwerera. Kumbuyo kukathawira kumanja, chiwongolero chimatsatira kumanja komweko, pang'ono, maso ali kumene munthu akufuna kupita, osati pa mtengo umene akuuopa. Galimoto zambiri za mtunduwu zili ndi batani lozimitsira chipangizo choletsa matayala kupota. Anyamata amakonda kulidina kuti amve kulira kwa matayala. Pa phula lonyowa kuchita zimenezi ndi uchitsiru. Pa mitsetse yaitali, monga potsika kuchokera ku Lichinga kapena, kwa owolokera ku Malawi pa Chiponde, potsika ku Namwera kulunjika ku Mangochi, giya yotsika ndiyo imagwira galimoto kuti mabuleki asatenthe.

Msewu wa N13 ndi wa anthu oyenda pansi ndi apanjinga kuposa a galimoto. Mvula ikamagwa, wapanjinga amafunda pulasitiki kumutu ndipo samva hutala. Nthambi zobiriwira zoponyedwa pa phula zimatanthauza kuti kutsogolo kuli galimoto yowonongeka, ndipo ndi chizindikiro choyenera kuchikhulupirira, ngakhale lamulo limafuna matirayango awiri ndi chovala chonyezimira, zimene apolisi a pamsewu amafunsa.

Kusiya phula m'dzinja ndi nkhani ina. Dothi la kuno lili mitundu iwiri imene dalaivala ayenera kuizindikira ndi maso. Katondo wofiira wa m'zitunda za Ngauma amaterera pamwamba koma pansi pake ndi polimba. Makande akuda a m'madambo, ngati ozungulira nyanja ya Amaramba kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, amameza. Pa katondo galimoto imanyamuka pa giya yachiwiri, mofatsa, n'kumayenda osaima. Vuto lalikulu la galimoto yotsika ndi mikwasa yakuya imene malole a feteleza ndi fodya amasiya. Ikalowetsa matayala onse m'mikwasamo imakhala pamimba, matayala n'kumazungulira m'mwamba, ndipo mwala wobisika pakatipo umaboola chosungira oyilo pansi pa injini. Njira yake n'kuyendetsa tayala limodzi pa mtumbira wa pakati, lina m'mphepete. Pamene mtumbirawo wafewa, palibe luso limene lingathandize, kubwerera n'kotchipa.

Galimoto ikatitimira, kuponda moto kumangokumba manda. Woyendetsa amatsika, amayang'ana pamene mimba yakhala, n'kuyamba kupalasa ndi khasu kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa galimoto. Jeke amaikidwa pa thabwa, apo ayi amalowa yekha m'matope. Tayala likakwera, pansi pake amatsenderapo miyala ndi nthambi. Apa ndi pamene zimathandiza kuzimitsa chipangizo chija choletsa matayala kupota, ndiponso kuphwetsa matayala pang'ono, bola adzawapope asanabwerere pa phula. Anthu a m'mudzi sachedwa kufika, ena atanyamula kale makasu, poti malo oipa amawadziwa. Mwambo wake n'kuwapatsa moni bwinobwino ndi kumaliza nkhani ya ndalama ntchito isanayambe: "Achimwene, tigwirizane kaye, tikatero tikankhe." Mtengo wokambirana galimoto itatuluka umabala mkangano. Okankha awachenjezenso kuti asaime molunjika matayala akumbuyo, amene amalavula matope ndi miyala.

Madzi odutsa pamwamba pa msewu ndiwo amapha. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amatha kunyamula galimoto yaing'ono. Galimoto yotsika imavutika isanafike n'komwe pamenepo, chifukwa polowera mpweya wa injini pali m'munsi, kuseri kwa bampala. Madzi akalowa m'masilinda sapanikizika ngati mpweya, ndipo zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Injini ikazimira m'madzi, isalizidwenso, ikokedwe. Madalaivala akale a njira zino amazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, n'kukhala pansi mphindi makumi awiri kuti aone ngati akukwera kapena akuphwa. Amafunsanso eni dera: "Bambo, yadutsapo galimoto lero? Yotani?" Yankho loti yadutsa thirakitala silithandiza mwini Mark X. Timitsinje ta m'mapiri timadzaza msanga n'kuphwanso patapita maola ochepa, choncho kudikira nthawi zambiri kumakwanira. Madzi akafika pansi pa chitseko, galimoto yotereyi isalowe. Ngati ndi ochepa, imawoloka pa giya yoyamba osaima, ndipo ikatuluka woyendetsa amakhudza buleki kangapo kuti iume. Pambuyo pa mvula yamkuntho, ngati ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ngakhale phula looneka labwino likhoza kukhala lopanda kanthu pansi, madzi atakokolola dothi mozungulira mapaipi odutsa pansi pa msewu. Mng'alu wopingasa kapena phula lofwamphuka pafupi ndi kamlatho ndi chifukwa chokwanira kuima ndi kukayang'ana wapansi.

Nyengo yozizira ili ndi zake zochepa. Batire lofooka limaonekera m'mawa wa Juni. Mpweya wa m'matayala umatsika pafupifupi 0.1 bar kukazizira ndi madigiri 10, ndiye uyesedwe m'mawa galimoto isanayende. Galasi likachita nthunzi m'kati, AC yolunjikitsidwa pagalasipo imaliumitsa msanga kuposa nsanza. Chachikulu ndi nkhungu ya pakati pa Massangulo ndi Lichinga. Magetsi aatali amangowalitsa nkhunguyo n'kubwezera kuwala m'maso. Oyenera ndi aafupi, ndi liwiro loti galimoto ikhoza kuima m'kati mwa mtunda umene maso akuona. Nthawi yomweyo ndi imene amayi opita kumsika, atadzifunditsa zitenje, ndi ana asukulu amakhala m'mphepete mwa phula. Amene alibe chomuthamangitsa anyamuke ku Mandimba dzuwa litakwera, cha m'ma 8 koloko, nkhungu itabalalika.